Mwana Kumsana, Bodza Pakamwa

1. Chenjezo la a Waya

Tsiku limene a Waya anabweza wailesi yakanema ya banja lina atayikonza, anaima pakhomo n'kulankhula mawu amene palibe ndi mmodzi yemwe anawasunga.

A Waya anali mkulu wokonza mawailesi m'kashopu ka pakona pa msewu. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, chifukwa m'thumba la malaya awo simunkasowa kachingwe kofiira kosuzumira kunja.

"Ana anga, ndakukonzerani, koma ndinenepo," anatero akupukuta manja. "Bokosi ili ndalitsegula kumbuyo kambirimbiri. Mulibe munthu, mulibe kavalo, mulibe chuma. Muli fumbi ndi mphemvu zakufa basi. Onerani, sekani, mukatha muzizimitsa n'kudzuka. Amene ndimamuopa ine ndi mwamuna wamphamvu zake wokhala pansi dzuwa lili paliwombo, kukamwa kuli yasa, kuonerera anzake akulemera osatuluka thukuta. Woteroyo akanyamuka pampando, ntchito yake imayamba kumununkha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musadzati a Waya anangolumikiza mawaya n'kumapita."

Mwini kanemayo, mnyamata amene anzake ankamutcha Mapulani, anaseka n'kuwauza kuti atsala pang'ono kutsegula tchalitchi chawochawo. A Waya anapukusa mutu n'kubwerera kushopu.

Mkazi wa Mapulani anamva zonsezo ali chogwada, akusintha mwana thewera. Iyeyu ankatchedwa Tcheru. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kusekondale, chifukwa chitseko chikangoti kwee, woyamba kutembenuka ankakhala iye. Sukuluyo sanaimalize. Mimba inafika mayeso asanafike, ndipo bambo ake anamuuza kuti nyumba yawo ilibe malo a amayi awiri.

Ndiye anapezeka m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa sitolo ya matayala. Munali bedi, mpando umodzi, ndowa ziwiri, mbaula, ndi kanema uja atakhala pamwamba pa sutikesi ngati mlendo wolemekezeka.

2. Mafilimu opanda mathero

Masana aliwonse siteshoni ina inkaonetsa mafilimu akale a ku Amerika, ena mwa iwo akalekale moti analibe ndi mtundu womwe. Mapulani sankaphonya. Mnzake wakuntchito, Chipewa, nayenso sankaphonya. Ankafika osagogoda, n'kukhala pandowa yovundikira.

Chipewa ankakonda mafilimu oseketsa a anyamata okwera akavalo. Mmenemo munthu ankawomberedwa mfuti koma chogwa n'kukhala chipewa chokha. Wina ankagwa kuchokera padenga, n'kudzuka, n'kusasa fumbi, nyimbo n'kumalira. Chipewa ankaseka mpaka misozi. Anafika pogula chipewa chachikulu pakaunjika, ndipo dzina lake linachokera pamenepo.

Mapulani ankakonda za mbava zovala masuti. Mbavazo zinkajambula mapu patebulo, kufananitsa mawotchi, kugawana ntchito. Uyu woyendetsa galimoto, uyu wotsegula bokosi lachitsulo, uyu mkazi wokongola wocheza ndi mlonda. Filimu yotere ikayamba, Mapulani sankafuna kumva ngakhale chifuwa cha mwana.

Koma panali chinthu chimodzi. Awiriwa ankagwira ntchito yonyamula makatoni kunyumba yaikulu yosungiramo katundu, shifiti yamadzulo. Galimoto yakuntchito inkaliza hutala pamsewu filimu isanathe. Nthawi zonse ankatuluka mothamanga mbava zija zitangoponya zikwama m'galimoto, zikuseka.

Wotsala ndi mathero ankakhala Tcheru. Ankaonera yekha akuyamwitsa. Ankaona mbava zikukanganirana katundu, wina akupereka mnzake, wina akutuluka m'nyumba manja ali m'unyolo, mkazi wake ataima pawindo.

Tsiku lina anawauza. Anati iwo amaona theka lokoma lokha, theka linalo ndi maliro.

"Alamu, inu mumaonera ndi mantha," anatero Chipewa, "n'chifukwa chake zimakutherani moipa."

Mapulani anati mathero amenewo amachita kuwonjezera aboma kuti anthu asatengerepo nzeru. Anaseka onse awiri, hutala analira, n'kutuluka.

3. Kansapato pansi

Kenaka kuntchito kunabwera uthenga. Kampani inagula makina onyamulira katundu, ndipo onyamula pamutu onse anauzidwa kuti mwezi ukatha asabwerenso.

Mapulani anasiya kudya bwino. Ankakhala chete maso ali pakanema, koma osasekanso. Tcheru ankamuyang'ana chamchibisira, mtima uli m'mwamba.

Loweruka lina Chipewa atafika, Mapulani anatseka chitseko ndi windo, n'kukweza mawu a kanema. Anagwada pansi n'kuyamba kuyala zinthu. Mtanda wa sopo unali nyumba ya katundu. Masupuni anali mpanda. Zitsekerero ziwiri za mabotolo zinali iye ndi Chipewa. Kenaka anatambasula dzanja pansi pa bedi, natenga kansapato ka mwana, n'kukaika kutsogolo kwa masupuni.

"Bambo a mwana, kansapato ako kakufuna chiyani pamenepo?" anafunsa Tcheru.

"Ameneyo ndi iweyo."

Anafotokoza pang'onopang'ono ngati mphunzitsi. Lamulungu masana kuntchito kumakhala kotseka. Pageti pamakhala mlonda mmodzi yekha, nkhalamba yatsopano imene sinkawadziwa anyamata a shifiti yamadzulo. Kuseri kwa nyumbayo, padenga, panali lata lapulasitiki lolowetsa kuwala, ndipo pansi pake penipeni anasanjapo makatoni a mafoni. Iye ndi Chipewa akwera mpanda wakumbuyo, amasula latalo, atsitsa chingwe. Ntchito ya Tcheru inali yochepa. Afike pageti mwana ali kumsana, anene kuti mwanayo wadwala mwadzidzidzi, mlonda aziyang'ana kumsewu.

Tcheru anakana. Anati iye sanabepo ngakhale pensulo. Anati mwana wake si nyambo yokolera mlonda. Anakana kawiri, katatu.

Mapulani sanakalipe. Anangomufunsa motsitsa mawu kuti mwezi ukatha akagona kuti. Anamufunsa ngati bambo ake anasintha maganizo. Anamufunsa ngati akufuna mwanayo akulire pakhonde la sitolo.

"Sukaba kanthu iwe. Sukagwira kanthu. Kodi kupempha madzi akumwa pageti ndi mlandu?"

Chipewa anawonjezera kuti palibe munthu pansi pano amene amakayikira mayi wobereka mwana. Anati zikatheka awagulira alamu akewo bedi la mwana lamatayala. Kenaka anaumirira kuti afananitse mawotchi monga amachitira akatswiri, ngakhale wotchi inalipo imodzi yokha, yakeyo, imene inaima chilowereni madzi amvula.

Tcheru sanaseke. Anayang'ana mwana amene anali gone pabedi, timanja tili m'mwamba. Anayang'ana chitseko. Kunja kwa chitsekocho kunalibe kwina kumene akanapita.

Anagwedeza mutu. Kuvomera kwake kunali kumeneko, kopanda ndi liwu lomwe, koma kunali kuvomera ndithu.

4. Pageti

Lamulungu Tcheru ndiye anayamba kutuluka, monga anapanganirana. Msewu wa kumafakitale unali zii. Dzuwa linkawotcha.

Mlonda anali atakhala m'kanyumba ka pageti. Anali bambo woonda, waimvi, yunifolomu yomukulira. Atamuona anadzuka n'kumulonjera.

Tcheru anacheukira kumsana. Mwana anali m'tulo, thupi lozizira bwinobwino, akupuma mwa mtendere pamsana pake. Ndani akanakhulupirira? Anapititsa dzanja kumbuyo, pansi pa mbereko, napeza kantchafu kofewa. Anatseka maso n'kukatsina.

Mwana anadzidzimuka n'kulira kulira kumene Tcheru anali asanakumvepo.

"Bambo, ndithandizeni," anatero. "Mwana wanga watentha thupi. Wakomoka m'njiramu."

Misozi imene inatsika pamenepo sinali yonamizira.

Mlonda sanafunse zambiri. Anatulutsa mpando wake n'kumukhazika pamthunzi. Anathira madzi m'chivundikiro cha botolo lake. Anathandiza kumasula mbereko, navula jekete n'kuliyala pansi kuti mwana agonepo. 

"Wachita bwino kuima, mwana wanga," anatero. "Matenda a khanda saona nkhope. Ine woyamba wanga anapita chonchi. Anatentha thupi m'mawa, ine n'kumati tione kaye, mwina kuzizira madzulo. Kukuda n'kuti tikumunyamula ali chete. Lero akanakhala wamkulu kuposa iwe. Chichokereni tsiku limenelo sindinenanso kuti tione kaye. Inu ana a masiku ano mumachita manyazi kupempha, mumaopa kuti anthu akusekani kuti munabereka muli ana. Asekeni! Kuseka sikupha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pano sandilola kuchoka, akapeza ndachokapo ntchito yatha, koma ntchito ndi chiyani pamaso pa moyo? Khala pompo. Ndikuimitsira galimoto ikufikitse kuchipatala."

Anatsegula geti laling'ono n'kukaima pakati pa msewu, msana atalozetsa kunyumba imene ankalondera, manja ali m'mwamba.

Pulani ya Mapulani inali itagwira kuposa mmene iye mwini ankaganizira.

Tcheru anafuna kufuula kuti abwerere. Anafuna kunena kuti zonse ndi zabodza. Anakweza mwana pachifuwa, mwanayo n'kutonthola, n'kuyamba kuseweretsa batani la bulauzi.

Pamenepo kuseri kunamveka phokoso la chinthu chikusweka. Kenaka chinthu cholemera chinagwa pasimenti kuti khu.

Panalibe nyimbo. Panalibe wodzuka kusasa fumbi. Panamveka mawu a Chipewa okha, osintha ngati a mwana wamng'ono, akuitana amayi ake. Anali ataponda pakati pa lata lapulasitiki lija.

Mlonda anatembenuka. Anayang'ana kudenga. Anayang'ana Tcheru. Anayang'ana mwana amene tsopano ankamwetulira, chala chili m'kamwa. Anabwerera pang'onopang'ono, naika kuseri kwa dzanja lake pamphumi pa khandalo.

"Wamunamizira matenda mwana wako yemwe," anatero motsitsa. "Ine ndakuuza za manda a mwana wanga, iwe uli phee, ukumvetsera."

Sanamugwire. Anatola wezulo n'kuthamangira kuseri akuliza.

Tcheru anakokera mbereko paphewa n'kuthawa. Sanadziwe kuti anadutsa misewu iti.

5. Kanema wolira yekha

Atafika pakhomo anamva kulira kwa mfuti ndi akavalo m'chipinda mwawo.  Anaganiza kuti mwamuna wake wafika kale. Koma loko anali pachitseko. Anatenga kiyi pamwamba pa felemu pamene ankamubisa, natsegula, n'kupeza m'nyumba mulibe munthu. Kanema ankalira yekha, mawu ali pamwamba.

Anamuzimitsa. Anakhala pabedi n'kuvula mwana. Pakantchafu paja panali pofiira, zizindikiro za zikhadabo ziwiri zikuoneka. Anapapaka mafuta, akupepesa chamumtima kwa munthu amene sakanamva kupepesa.

Mapulani anafika dzuwa likupendeka. Buluku linali long'ambika, zikhatho zochekekachekeka, m'manja mopanda kanthu. Asanakhale ndi pansi pomwe anafunsa kuti wazimitsa kanema ndani. Anamuyatsanso msangamsanga.

"Nanga alamu?" anafunsa Tcheru.

"Mwendo. Wathyoka."

"Mwawasiya momwemo?"

"Umafuna ndidumphiremo nanenso? Tikhale awiri?"

Anamwa madzi kapu yonse osapumira. Kenaka anakokera mpando pafupi ndi bedi, nayamba kulankhula ndi mawu aja a uphunzitsi.

Anati Chipewa sangamutchule, chifukwa analumbirirana. Anati mlonda sanamuone iye ngakhale chidendene. Woonedwa anali Tcheru yekha, ndipo anaonedwa nthawi yaitali, nkhope ndi mwana yemwe. Aliyense pamalopo ankadziwa kuti Chipewa amaswera m'nyumba muno. Mawa kukacha apolisi afika akufunsa mayi wa khanda.

"Ndiye umve bwino. Ukanene kuti munapangana awiri ndi Chipewa ine osadziwa. Ine ndinali muno tsiku lonse kuonera filimu. A chipinda chinacho amva kanema akulira kuyambira masana. Andichitira umboni."

Tcheru anamuyang'ana. Anayang'ana kanema. Munthuyu anatuluka m'nyumba pambuyo pake, ndipo asanatseke chitseko anakumbukira kukweza mawu. Anali atadzikonzera pothawira iwo asanafike ndi pageti pomwe. Poyala sopo ndi masupuni paja, zimenezi sanazitchule.

"Ndiye munadziwiratu," anatero.

"Katswiri amaganiza zonse. Usandiyang'ane choncho. Tikamangidwa tonse akudyetsa ndani? Mkazi woyamwitsa samusunga nthawi yaitali. Amamumvera chisoni. Ulowa naye mwanayu, akakuona ndi khanda m'manja akuchepetsera. Ine ndizibwera kudzakuonani."

"Mwana wanga akalowe kundende?"

"Sadziwa kanthu ameneyu. Kwa iye bere ndi bere, kaya kuno kaya uko."

Mwana anali chagada pakati pawo, akumenya miyendo m'mwamba. Dzulo anali kansapato pansi. Masana anali wodwala pageti. Mawa ankafunika kuti akakhale chishango pamaso pa apolisi.

Tcheru sanalire. Anaweramitsa mutu n'kunena kuti wamva. Mapulani anapumira m'mwamba, namusisita paphewa, n'kunena kuti ankadziwa kuti anakwatira mkazi wanzeru.

6. Matewera pawaya

Kunja kunali kusanade. Amayi a m'zipinda zina anali pampopi, ndowa zili pamzere. Tcheru anabereka mwana, natenga beseni, n'kunena kuti akukachapa matewera. Pansi pa matewerawo anaikapo kajuzi ka mwana, bulangeti laling'ono ndi nsapato zake zoyendera. Mapulani sanacheuke. Maso anali pakanema, khutu lili kumsewu.

Anachapa mwakachetechete. Mayi eni nyumba, amene ankadutsa ndi tsache, anaima n'kumufunsa kuti bwanji akuyanika kuwaya wa kugeti pamene waya wapakhomo pake uli wopanda kanthu. Anamuchenjeza kuti kumeneko zovala zimasowa, ndipo akadzalira asadzawadzutse. Tcheru anayankha kuti kugeti kumawomba kamphepo, ziuma msanga.

Mayiwo atapita, anazembera kuseri kwa mulu wa matayala akale. Analowetsa nsapato, kajuzi ndi bulangeti m'kati mwa tayala lachitatu kuchokera pansi.

Anaima pamenepo kanthawi. Kwawo kunali kutsidya lina la tauni, ulendo wautali wapansi. Bambo ake akanatha kumubweza pakhomo pomwepo. Koma amayi ake sakanabweza khanda, zimenezo ankazidziwa. Mwanayu akangofika m'manja mwa agogo ake, apolisi amufunse chilichonse. Adzanena za geti, za kutsina, za nkhalamba imene inaima pamsewu chifukwa cha bodza lake. Adzanenanso za amene anayala sopo ndi masupuni. Kulakwa analakwa, ndipo chilango adzachilandira yekha, msana uli wopanda mwana.

Anayenera kuchoka kusanache, apolisi asanafike, a chipinda chinacho asanatsegule chitseko.

Anabwerera ndi beseni lopanda kanthu. Atangolowa, Mapulani anadzuka. Anatseka chitseko, nakhoma loko cham'kati, chinthu chimene anali asanachitepo. Kenaka anakokera mpando wake n'kuutsamiritsa kuchitsekoko, nakhalapo.

"Lero tigona chonchi," anatero. "Mantha ako ndimawadziwa."

Anaponya kiyi m'mwamba, namuwakha, n'kumulowetsa m'thumba la buluku long'ambika lija.

Tcheru anagoneka mwana kukhoma. Iye anagona m'mphepete mwa bedi osavula, mbereko ataipinda pansi pa mutu. Anatseka maso ngati wogona, koma anasiya kampata kakang'ono, kokwanira kuona thumba limene munali kiyi.